Mibawa Isanu ndi Iwiri ya a Efulemu

Malemu bambo Efulemu Kamphinda Banda anabadwa pa 14 Ogasiti 1924, m'mudzi mwa Kanyumbu ku Nathenje, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Mafumu a mbali zonse ziwiri, abusa ndi akulu a mpingo, abale athu achisilamu ochokera pa msika wa Mitundu, adzukulu amene mwakonza nyumba ya malemu, amayi ndi abambo nonse, ine ndine Chipulumutso, mdzukulu wa mlongo wawo wa malemu, ndipo ndaima m'malo mwa akuchimuna a ku Nathenje. Ndikudziwa kuti ambiri mukudabwa. Chitanda sichinakwezedwe pa galimoto kupita kwawo kwa malemu monga mwa mwambo wathu, ndiponso sichinalowere ku manda a mudzi uno umene anakwatiramo. Tasonkhana kumunsi kuno, m'mphepete mwa dambo, pakati pa mibawa inayi ndi zitsa zitatu. Mbiri ikamatha mudziwa chifukwa chake. Mawu anga ena awawa, ndipo mundikhululukire, koma sindiwabweza.

M'chaka cha 1933 malemu anayamba sukulu ya mishoni pa mudzi woyandikana nawo, ndipo analekezera Sitandade 3. Sikuti mutu unali wouma ayi. Bambo awo anapita ku Halale kukafuna ntchito n'kutchona komweko, choncho iwo anasiya sileti n'kuyamba kuweta ng'ombe za amalume awo. Atasinkhuka anakagwira ntchito yosoka fodya pa esiteti ina ya mzungu. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi a Maliko Chimphepo, mnzawo wa msinkhu umodzi, amene ankadya nawo mbale imodzi ndi kufunda nawo chiguduli chimodzi.

M'mwezi wa Meyi 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, pa Nathenje panafika galimoto ndi lipenga kudzalemba anyamata usilikali wa Keyala. Anawauza kuti akukamenyera nkhondo mfumu ya ku Mangalande. Malemu, amene mukudziwa kuti nthabwala sizinkawathera, ankati mfumuyo sankaidziwa n'komwe. Chimene chinawakopa ndi jombo ndi chipewa chopinda mbali imodzi, kuti atsikana a pa chitsime awacheukire. Anali asanakwanitse zaka 18. Anapita ku Zomba kukaphunzira kuguba ndi kuwombera mfuti, kenako ku Kenya, kenako anakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Ceylon. M'gulu lawo munapezeka anyamata asanu ndi atatu a dera lino la Nathenje ndi Mitundu: iwowo, a Maliko, a Gilibati, a Lameki, a Zakeyu, a Filimoni, a Nasoni, ndi a Sele, mwana wa a Abdulwahab amene ankagulitsa mchere ndi nsalu pa Mitundu. Ukakhala kutali chotero, munthu wodziwa dzina la mtsinje wa kwanu amasanduka mbale wako wa bere limodzi.

M'chaka cha 1944 anawapititsa ku Burma kukamenyana ndi asilikali a ku Japan. Malemu ankati nkhalango ya kumeneko si ngati Dzalanyama wathuyu, amene ukakwera pa mwala umaona utsi wa kumudzi. Mitengo yake inali yotsekeratu kumwamba, moti masana kunkakhala ngati chisisira. Mvula inali yosakata, nsungwi zothithikana, misundu yolowa mpaka m'jombo, ndipo malungo ankagwetsa amuna ngakhale chipolopolo chisanawapeze. Nyulu zonyamula katundu zitafa, katunduyo anasenza ndi ana a amayi athu, pamutu.

Mu Novembala chaka chomwecho gulu lawo linalamulidwa kulanda kaphiri kena m'kati mwa nkhalangoyo. Adani anali atakumba maenje pansi pa mizu ya mitengo pamwamba pake, n'kuwafundira ndi zipika, ndipo ena anali atadzimangirira m'nthambi ndi mfuti zawo. Anyamata athu ankakwera chokwawa m'matope, osamuona wowawombera. Anakwera koyamba, anabwezedwa. Anakwera kachiwiri, anabwezedwanso. A Maliko anawomberedwa akupatsira malemu botolo la madzi, ndipo botololo linatsala m'manja mwa malemu. A Gilibati, a Lameki ndi a Filimoni anagwa pafupi ndi pamwamba. A Zakeyu ndi a Nasoni analowa m'nsungwi osatulukamonso, ndipo matupi awo sanapezeke mpaka lero. A Sele anavulala pamimba. Malemu, nawonso ali ndi kachitsulo ka bomba m'ntchafu, anawabereka kumsana kutsika nawo mpaka ku kamtsinje. Asanatsirizike, a Sele anapempha kuti awagoneke moyang'ana ku Maka monga mwa chipembedzo chawo. Koma m'nkhalango imeneyo dzuwa silinkaoneka, ndipo malemu sanadziwe kuti kuvuma n'kuti, kuzambwe n'kuti. Anangowagoneka. Chinthu chimenechi chinawavutitsa mumtima moyo wawo wonse.

Pa ulendo wachitatu kaphiriko kanalandidwa. Asanu amene anapezeka anawakulunga m'mabulangete n'kuwakwirira m'maenje osaya, opanda nyimbo, opanda mbale wolira, chizindikiro chake kansungwi kozika m'matope. Ndiye mverani ichi, abale anga. Pasanathe sabata analamulidwa kuchoka n'kupita patsogolo. Phiri limene analigula ndi magazi a ana a Nathenje ndi Mitundu analisiya ngati chitsononkho, ndipo palibe anabwererako. Malemu sankalidziwa n'dzina lomwe. Pa anyamata asanu ndi atatu aja, anabwerera kumudzi ndi iwo okha.

Anafika ku Nathenje mu Epulo 1946 ali ndi mamendulo atatu, chijasi cha usilikali, mwendo wotsimphina ndi malonjezo a boma odzaza thumba. Malonjezowo tisawatchule, anathera m'njira. Chimene chinawasowetsa mtendere ndi amayi. Mudzi uliwonse umene ankafika kukapepesa, funso linali limodzi: mwana wathu mwamuika pati? Mayi Nachisale, amayi awo a Maliko, anakana kumeta. Ankati munthu sameta maliro amene sanaone dothi lake, ndipo mwina mwana wawo wangosochera, abwera. Chaka chinatha, tsitsi lili pamutu, mayi akuthamangira kumsewu akamva galimoto. Malemu ankati zipolopolo za ku Burma sizinawalase ngati mmene maso a mayi amenewo ankawalasira.

Pa 6 Seputembala 1947 malemu anamanga banja ndi mayi Felesiya Nankhoma a m'mudzi uno, ndipo analowa chikamwini kuno ku Mitundu. Mvula yoyamba itagwa chaka chomwecho, anayenda wapansi mpaka kumitsinje ya m'munsi mwa Dzalanyama, n'kubwerako ndi mbande zisanu ndi ziwiri za m'bawa m'dengu. Apa panabuka mlandu. Inu akuluakulu mukudziwa kuti kwathu kuno mkamwini sabzala mitengo, chifukwa nthaka si yake, ndipo akabzala anthu amati wayamba kudziyesa mwini nthaka. Apongozi awo anakalipa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, nanga mitengo ya zaka makumi akuibzalira yani? Amene anaimirira ndi mayi Felesiya, mtsikana wa miyezi itatu m'banja. Anati: "Kachigawo ka kudamboko munandipatsa ine. Amuna anga sakufuna nthaka yanu, akufuna poika anzawo." Akuluakulu analolera, ndipo mbande zinabzalidwa pano pamene taima.

Mtengo uliwonse anaupatsa dzina la mnzawo. Wa a Maliko anaubzala koyambirira, pafupi ndi njira. Wa a Sele sanafune kulakwitsanso. Anakatenga a Abdulwahab pa msika kuti adzaloze okha mbali yoyenera, ndipo anaubzala kumapeto chakumpoto, kumene nkhalambayo inaloza ndi ndodo. Kenako anakatenga mayi Nachisale ku Nathenje pa njinga yobwereka. Mayiwo anakhala pansi pafupi ndi kambande kosafika m'bondo, n'kulira maliro a mwana wawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lomwelo anameta. Amayi enanso anabwera mmodzimmodzi, aliyense pa mtengo wa mwana wake.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mu Novembala, mvula isanagwe, malemu ankalambula pa mitengo imeneyi monga timalambulira ku manda. Akamaliza ankavala chijasi chawo chija, kutenthe bwanji, n'kuima njo patsogolo pa mtengo uliwonse, n'kuitana dzina la mwini wake. Abale a mwini dzina ankayankha kuti, "Alipo." Panalibe lipenga, panalibe nkhata za maluwa, panalibe wolankhula Chingelezi. Zaka zitapita, makolo aja anatha ndipo mabanja ena anaiwala njira. Dzina likasowa woliyankhira, ankayankha ndi mayi Felesiya. Banja limodzi lokha silinaphonyepo, la a Abdulwahab. Mpaka chaka chathachi mayi Shifa, mdzukulu wa mchimwene wawo wa a Sele, akhala akutseka golosale yawo tsiku limenelo n'kubwera ndi ana awo kudzayankha.

Pa nkhani ya ntchito, malemu anali mlimi wa chimanga ndi fodya wa chikopa, komanso kalipentala, luso limene anaphunzira ku usilikali akudikira sitima yobwerera. Kuyambira 1955 mpaka 1994 anali ndi kashedi kawo pa msika wa Mitundu. Zitseko zambiri za m'midzi ino ndi ntchito ya manja awo, ndipo ambiri mwa makolo anu anagona m'mabokosi okhomedwa ndi iwo, nthawi zina popanda kulipira kanthu. M'chaka cha 1968 anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Ndikutchula ukalipentalawu dala. Pasapezeke wina woganiza kuti nkhalambayi sinkadziwa kuti thabwa la m'bawa ndi chuma. Inkadziwa kuposa tonsefe. Koma fodya wa chikopa, amene amadya nkhuni ngati moto wa kuthengo, sanalawepo ngakhale nthambi imodzi ya pano. Pa njala ya 2002, ana akugona ndi gaga m'mimba, kunabwera ocheka matabwa ndi matumba a chimanga. Malemu anagulitsa njinga, anagulitsa zipangizo zawo zonse za ukalipentala, koma ochekawo anabwerera ndi chimanga chawo.

Pa 19 Julayi 2009 mayi Felesiya anatisiya, atakhala m'banja zaka 61. Ena analangiza kuti mayi wolemekezeka chotero ayenera bokosi la m'bawa, ndipo mtengo umodzi sungachepetse nkhalango. Malemu anangofunsa kuti, "Tidule uti? Mutchule dzina." Mayi Felesiya anagona m'bokosi la paini. Mwambo wosudzula utachitika, ife a ku Nathenje tinabwera kudzawatenga, pakuti mkamwini akaferedwa amabwerera kwawo. Anatikana, amvekere, "Anzangawa ndiwasiyira yani?" Akuluakulu a kuchikazi a nthawi imeneyo, Mulungu awadalitse kumene agona, anati munthu amene waika apongozi ake onse ndi kukhoma mabokosi a theka la mudzi salinso mlendo. Malemu anatsala m'manja mwa mwana wawo woyamba, mayi Masozi, amene awasamalira mpaka mapeto.

M'chaka cha 2014 bungwe lina la mu tawuni, lodzitcha abwenzi a asilikali akale, linatulukira kuti ku Mitundu kuli nkhalamba ya ku Burma imene ikupumabe. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lachiwiri la Novembala galimoto inkabwera kudzawatenga kupita nawo ku mwambo wawo wa chikumbutso ku Lilongwe. Ankawabaya kaduwa kofiira ka pepala pachifuwa, n'kuwakhazika kutsogolo, mabwana n'kumasinthana kuwagwira paphewa uku mafoni akujambula. Zolankhula zinali zambirimbiri, za kudzipereka, za ufulu, za ngwazi zimene sizidzaiwalika. Koma pa zaka zonsezo palibe ngakhale mmodzi anawerama n'kufunsa kuti, agogo, ngwazi zimenezo mayina awo ndani? Mwambo ukatha ankawapatsa botolo la zakumwa ndi banzi, ndipo kangapo konse galimoto inawatsitsa pa siteji ya Mitundu, munthu wa zaka zoposa 90, wotsimphina, kuti njira yotsalayo adzionere yekha.

Tinawaletsa. Tinati agogo, anthu awa akukusandutsani chokongoletsera. Iwo ankaseka n'kunena kuti akudziwa, koma kumeneko kuli chimkuzamawu, ndipo tsiku lina adzawapatsa kuti mayina asanu ndi awiri aja amveke mu mzinda waukulu. Mu 2019 anatopa n'kudikira. Lipenga litangotha kulira anaimirira okha ndi ndodo yawo, n'kuyamba kuitana. Anatchula a Maliko, anatchula a Gilibati. Asanafike pa dzina lachitatu, woyendetsa mwambo anawagwira mkono mwaulemu wonse n'kuwanong'oneza kuti nthawi yatha, alendo olemekezeka akudikira chakudya. Anthu anawomba m'manja, poganiza kuti nkhalamba yasokonezeka ndi dzuwa. Chaka chotsatira anapitanso, ndi chinzake, akuyembekezabe.

Tsopano ndafika pa tsiku limene linapha malemu, ngakhale kuti a chipatala alemba matenda ena. Pa 12 Novembala 2023 galimoto inawatenga monga mwa masiku onse. Chakudza sichiimba ng'oma. Iwo ali mu tawuni, mudzi wonse uli ku tchalitchi, pano panafika lole ndi anyamata a makina ochekera. Anatumidwa ndi wamalonda wina wa matabwa, ndipo amene anawalozera malo ndi mwana wa m'mudzi muno, mdzukulu wa kuchikazi, amene anakula akudya mango a pakhomo pa malemu. Anasankha dala tsiku limenelo chifukwa ankadziwa kuti mwini wake kulibe. Dzina lake sinditchula, ngakhale ali pompano ndipo akundimva. Malemu anatiphunzitsa kuti pamalo pano timatchula mayina a anthu oyenera kukumbukiridwa.

Pamene ku Lilongwe anthu anaweramitsa mitu kukhala chete polemekeza akufa, kuno makina anali kulira. Unagwa wa a Maliko. Unagwa wa a Lameki. Unagwa wa a Sele, umene bambo awo analoza ndi ndodo. Phokoso linamveka mpaka m'tchalitchi, ulaliki uli mkati. Mayi Masozi, mayi wa zaka 71, anathamanga chitenje chili m'manja, n'kudzakhala pansi atatsamira tsinde la mtengo wachinayi, wa a Gilibati, uwo uli apowo. Anauza anyamatawo kuti ayambe acheka iwo. Mukayang'ana bwino muona bala la makina pa khungwa lake, pamene analekezera. Amayi a mvano anafika n'kuzungulira mitengo inayo, ndipo lole inachoka ndi zipika za mitengo itatu.

Madzulo malemu anatsika pa njinga ya kabaza, mamendulo ali pachifuwa, kaduwa ka pepala kali pomwepo. Palibe analimba mtima kuwauza, koma anaona okha kuti kumwamba kwa kudambo kwang'ambika. Anatsetsereka ndi ndodo yawo, anaima pa chitsa cha a Maliko, anatapa utuchi m'dzanja n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Anati: "Kawiri tsopano. Koyamba ndinalipo, ndinalephera. Lero ndinali kodya banzi."

Nkhaniyi inakambidwa pa bwalo la banja sabata yotsatira. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo wolakwayo, podziwa kuti ndi mwana wa pakhomo, sanagwetse nkhope n'komwe. Ananena kuti nthaka ndi ya mbumba yawo, nkhalambayi ndi mkamwini amene mkazi wake anapita kalekale, ndipo mitengo ndi mitengo basi. Anafunsa pamaso pa akuluakulu kuti: "Mukuti ndadula ku manda. Pali manda pamenepo? Munaikapo ndani?" Zoonadi, mwa mwambo wathu mtengo wosakhudzidwa ndi wa ku manda okha, ndipo pano panalibe mtumbira. Tinamvanso kuti wamalonda uja wauzidwa kuti asadandaule, inayi yotsalayo adzaitenga nkhalamba ikangotseka maso. Tangoganizani, abale anga. Munthu ali moyo, akupuma, akumva, ena akuwerengera kale matabwa pa imfa yake! Zimenezi n'zochititsa manyazi, ndipo ine zikundipsetsa mtima mpaka pano pamene ndaima.

Pothera pa bwalolo malemu anaitana mayi Masozi, anaitana ine, anaitana mkulu wa kuchikazi, n'kunena pamaso pa onse kuti: "Mwanayu wanena zoona. Palibe amene anaikidwapo. Ndiye mudzayambe ndi ine."

Kuyambira mwezi wa Disembala thanzi lawo linayamba kulowa pansi. Chakudya ankangochilawa, nthabwala zinatha, ndipo m'mawa uliwonse ankapempha kuti awatsitsire kuno adzakhale pa chitsa. Mvula inawapeza pano kangapo. Pa 29 Januwale 2024 anagonekedwa pa chipatala cha Mitundu ndi chibayo. Madokotala ndi anamwino anayesetsa ndithu, ndipo tilibe nawo chifukwa. Lachinayi pa 8 Febuluwale malemu anatsirizika, mayi Masozi atawagwira dzanja, ali ndi zaka 99. Mawu awo omaliza omveka anali ofunsa ngati inayi ija ikadalipo.

Musaganize kuti pempho lawo linali lopepuka. Ku Kanyumbu kuli malo amene tinawasungira pafupi ndi mayi awo owabereka, ndipo ife akuchimuna tinabwera ndi galimoto, chifukwa fupa la mwana wathu ndi lathu. Ku manda a mudzi uno kuli mayi Felesiya, amene anawaimirira ali mtsikana, ndipo malemu ankanena kawirikawiri kuti akulakalaka kukagona pafupi nawo. Zonse ziwirizo anazisiya. Asankha kugona kuno kudambo, kutali ndi mayi awo, kutali ndi mkazi wawo, kuti akhale mlonda wa anzawo. Dzulo mafumu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi ndi akuluakulu a kuchikazi, ndipo anavomera. Tikuwathokoza akuchikazi, chifukwa nkhuyu zodya mwana zapota akulu, koma iwo sanabise nkhope. Galimoto yathu ibwerera yopanda kanthu. Adzukulu akumba pakati pa chitsa cha a Maliko ndi mtengo wa a Gilibati.

Pali zinthu ziwiri zimene banja landituma kuti ndinene poyera. Choyamba, dzulo m'mawa wamalonda uja anatumiza matabwa a m'bawa, opalidwa bwino, akuti ndi chipepeso chake kuti tikhomere bokosi. Tawabweza pa ngolo yomweyo. Sitingagoneke malemu m'nthiti za a Maliko. Agona m'bokosi la paini ngati mkazi wawo. Chachiwiri, a bungwe la mu tawuni aja ali nafe pano, afika ndi nkhata yaikulu ya maluwa, ndipo apempha mpata woti alankhule. Maliro n'kulirana, choncho tawalandira ndipo akhale nafe mpaka tidye. Nkhata yawo aiike pa chitsa cha a Lameki, dzina lachitatu lija limene sanalole kuti limveke. Koma za kulankhula, tikuwayankha mwaulemu wonse ndi mawu awo omwe: nthawi yatha.

Ndipo kwa iwe mwana wa pakhomo, amene unafunsa kuti pano tinaikapo ndani, yankho lako ndi ili lili m'bokosili. Dzuwa lisanalowe lero pano pakhala mtumbira. Kuyambira lero malo ano ndi manda, mafumu amva, mpingo wamva, mudzi wamva. Wobwera pano ndi nkhwangwa kapena makina adziwe kuti akudula ku manda, ndipo mlandu wake sudzakhalanso wa banja lokha. Amene amadikira kuti nkhalamba itseke maso, yatseka. Abwere tsopano.

Malemu anabereka ana asanu ndi atatu, ndipo asanu anatsogola. Asiya ana atatu: mayi Masozi a m'mudzi muno, mayi Everlyn amene ali ku Likuni, ndi bambo Chimwemwe amene ali ku Nathenje. Asiya zidzukulu 23, zidzukulutudzi 41, ndi ana a zidzukulutudzi asanu ndi mmodzi, womaliza ndi Tawina amene ali kumsana kwa mayi ake apo. Asiyanso mibawa inayi.

Banja likuthokoza mafumu chifukwa chomva pempho la malemu. Tikuthokoza adzukulu, amene mwalimbana ndi mizu kuyambira m'mamawa popanda kudula ngakhale umodzi wa mitengo yamoyoyi. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a chipatala cha Mitundu, abusa ndi mpingo wonse, amayi a mvano amene munazungulira mitengo tsiku lija ndipo mwagonanso pa siwa, mayi Shifa ndi banja lonse la a Abdulwahab amene mwanyamula zambiri za pamaliro pano, ndi inu nonse amene mwasiya minda yanu nyengo ino ya ntchito. Mwapadera tikuthokoza mayi Masozi. Mayi, mwalera bambo anu ngati khanda, ndipo tsiku lija munaima pamene amuna tinalibepo.

Ndisanakhale pansi, pali ntchito imene malemu anaiyamba mu tawuni n'kulandidwa pakamwa. Lero chimkuzamawu chili m'manja mwathu, ndipo palibe atigwire mkono. Ndiitana monga ankaitanira iwo, ndipo ndikupempha kuti nonse, osati abale okha, muyankhe monga ankayankhira makolo athu, kuti alipo. Muyankhe mokweza, ngakhale pamene patsala chitsa chokha.

A Maliko Chimphepo. A Gilibati Msampha. A Lameki Chadza. A Zakeyu Kalonga. A Filimoni Mbewe. A Nasoni Kaphuka. A Sele Abdulwahab.

Ndipo dzina limene silinaitanidwepo pamalo pano, chifukwa mwini wake ndi amene ankaitana: a Efulemu Kamphinda Banda.

Anachoka asanu ndi atatu, ndipo lero akwanira. Mizimu yawo iuse mumtendere. Adzukulu, thupi lili m'manja mwanu.